Njovu Zikuwerengedwa, Nanga Minda?

Mu July 2015, atsogoleri a Malawi ndi Zambia, a Peter Mutharika ndi a Edgar Lungu, adasayinira pangano loti nkhalango za m'malire a mayiko awiriwa zizisamalidwa ngati malo amodzi. Kumpoto kuli Nyika ndi Vwaza, ndipo m'chigawo chapakati kuli Kasungu, yomwe ikuyenera kulumikizana ndi Lukusuzi ku Zambia.

Ganizoli ndi lanzeru. Nkhalango ikazingidwa ndi minda mbali zonse, nyama zimayamba kuberekana pachibale, ndipo chilala chikagwa zimasowa kothawira. N'chifukwa chake mayiko atakumana ku Montreal mu 2022 adagwirizana kuti pofika 2030, magawo 30 mwa 100 alionse a nthaka ndi nyanja akhale otetezedwa, komanso olumikizana bwino.

Ku Kasungu, kupita patsogolo kukuoneka. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000, koma opha nyama mozembera adazipulula mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Mu 2022 mudalowa njovu 263 zochokera ku Liwonde. Akatswiri amaziwerenga ali m'ndege, ndipo zina adaziveka makolala m'khosi oonetsa pakompyuta komwe zafika.

Koma njira yopita ku Lukusuzi si tchire lopanda anthu. Muli midzi, muli chimanga, soya ndi mtedza. Mpanda wamagetsi uli chakum'mawa kwa nkhalangoyi, pomwe kumadzulo n'kotsekula. Chibwerereni njovuzi, anthu afa mbali zonse ziwiri za malire, nkhokwe zaphwasulidwa, ndipo mabanja ena amachezera kuimba zitini m'munda usiku wonse. Kadontho koyenda pakompyuta kaja, kwa mlimi wa ku Lundazi ndi chakudya cha chaka chonse chikutha.

Apa ndi pomwe kalondolondo wathu akutsimphina. Chiwerengero cha njovu timachimva msanga, poti ndicho chimakoma m'makutu mwa opereka thandizo. Koma ndi minda ingati yaonongeka nyengo ino? Alonda a nkhalango amatenga maola angati kuti afike akaitanidwa? Mitengo ya m'njira ya nyamayi ikuchuluka kapena ikuthera m'mauvuni a makala?

Nthambi zoona za nyama zakutchire m'mayiko awiriwa zizitulutsa ziwerengero zonsezi pamodzi chaka ndi chaka, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, n'kukaziwerenga pabwalo la mfumu, pomwe yemwe munda wake udadyedwa angathe kuimirira n'kunena kuti, "Wanga simudaulembe."