Kuika Injini Ina mu Bokosibode Yakale

Nkhani yathu lero ikukhudza inu amene muli ndi galimoto yakale ya bokosibode, imene thupi lake likadali lolimba koma injini yatha mphamvu, ikufuka utsi ndi kumwa mafuta mosaleza. Ambiri amafunsa ngati n'kotheka kuikamo injini ya mtundu wina. N'kotheka ndithu, koma pali zofunika kuzidziŵa ndalama zisanatuluke m'thumba.

Titenge chitsanzo cha Land Rover ya Series III, imene inapangidwa ku Britain kuyambira 1971 mpaka 1985. Zambiri mwa galimotozi zinabwera ndi injini ya petulo ya masilinda anayi, ya malita 2.25, yopereka mahosipawa pafupifupi 70. Mu 1989 kampani yomweyo inatulutsa injini ya dizilo yotchedwa 200Tdi, ya malita 2.5, yokhala ndi tabo, yopereka mahosipawa oposa 100. Popeza injini ziŵirizi n'zapachibale, yatsopanoyi imalumikizika ku giyabokosi yakale popanda kusintha zambiri, ndipo imamwa mafuta pang'ono. N'chifukwa chake amakaniko ambiri amaisankha.

Vuto loyamba ndi mphamvu yomweyo. Giyabokosi ndi mashafiti a mawilo akumbuyo anapangidwira injini yaing'ono. Dalaivala akanyamuka mwaliŵiro atasenza matumba a chimanga pachitunda, shafiti ikhoza kuthyoka. Ena amachotseratu tabo kuti mphamvu icheperepo, ndipo galimoto imakhalitsa.

Chachiŵiri ndi mabuleki. Land Rover ya nthaŵi imeneyo inali ndi mabuleki a dilamu kumawilo onse anayi. Injini yamphamvu imawonjezera liŵiro, koma siwonjezera mphamvu yoimira. Amene anatsikapo chitsetso cha Golomoti atanyamula katundu akudziŵa kuti mabuleki akatentha amaleka kugwira. Choncho muyambe mwakonza mabuleki, injini ibwere pambuyo.

Chachitatu ndi kusiyana kwa petulo ndi dizilo. Thanki itsukidwe bwino. Paikidwe paipi yobwezera mafuta otsala ku thanki, chifukwa pampu ya dizilo simatha onse amene yakoka. Pafunikanso batire lalikulu, pakuti dizilo amayaka chifukwa cha kupanikizika kwa mpweya, ndipo injini yotere ndi yolemera kuiliza. Redieta ikhale yosatsekeka, ndipo lamba woyendetsa nthaŵi ya injini asinthidwe isanakwezedwe, chifukwa akaduka pamsewu injini imawonongeka mkati.

Pogula injini yogwirapo kale ntchito, pemphani kuti ailize inu mukuona, makamaka m'maŵa ikadali yozizira. Yang'anani utsi, ndipo onani ngati madzi sakusakanikirana ndi oyilo. Funsani kumene yachokera, mulandire risiti yolembedwa nambala yake, pakuti safunsa anadya phula: injini ikapezeka kuti ndi yakuba, mlandu udzagwera inu.

Pomaliza, nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto. Mukasintha injini, kadziŵitseni a ofesi yoona za pamsewu ndiponso a inshuwalansi, kuti mapepala agwirizane ndi zimene zili m'galimotomo. Mukapanda kutero, tsiku la ngozi chipukuta misozi chikhoza kukanidwa.

Ŵerengerani mtengo wa zonsezi pamodzi, muuyerekeze ndi mtengo wongokonzetsa injini yakaleyo, kenaka musankhe.