INJINI IKALIMBA POLIZA, YAMBANI MWAONA MAVALAVU

Nyengo ya cisanu, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndiyo nthawi imene injini zigwira nchito yaikuru m'boma la Chadiza. Cimanga cakololedwa ndipo amai ali pa mzere ku cigayo. Kumadimba nako ndiwo zifuna madzi a pampu. Koma ndi nthawi yomweyinso pamene injini zambiri zikana kulira m'mawa. Ena afulumira kunena kuti injini yafa, nagulitsa mbuzi kuti akagule zitsulo ku Chipata kapena ku Katete, pamene cobvuta cili kacitsulo kakang'ono kamene akadakonza ndi sipanala.

Tiyambe tamvetsa m'mene injini igwirira nchito. Pisitoni ikamakwera ipanikiza mpweya m'silinda. M'injini ya dizilo mpweyawo upanikizidwa kolimba mpaka utentha kwambiri, ndipo kutenthako ndiko kuyatsa mafuta. Dzanja la munthu silingathe kugonjetsa mphamvu yotere injini ili ciimire. Cifukwa cace amisiri anaikamo njira yotsegulira pang'ono valavu yotulutsa utsi, kuti mpweya wina uthawe pamene munthu ali kupukusa.

Pa injini za dizilo za m'zigayo, monga za Lister ndi zija za silinda imodzi zocokera ku China, pali kamkono kacitsulo pamutu pa injini. Kwezani kamkonoko, pukusani handulo kufikira gudumu lalikuru lithamanga ndithu, ndipo mukagwetse muli cipukusire. Ambiri alakwa pogwetsa msanga gudumu lisanatenge liwiro. Pamenepo pisitoni ibwerera ndipo handulo imenya dzanja. Cala cacikuru cikhale mbali imodzi ndi zala zinzace, cisazinge handulo.

Ngati mwakweza kamkono koma injini ilemerabe, yambani mwacotsa lamba wa cigayo, pakuti kapena colemera ndico cigayoco, kapena oilo walimba ndi cisanu. Ikalemerabe, tsegulani cibvundikiro ca pamutu muone kasikuluwu kamene kakankha valavu. Kakamasuka kapena kudyeka sikafikanso pa valavu. Kabwezeni pang'onopang'ono monga linena buku la injiniyo, koma musakalowetse kopitirira, cifukwa valavu ikatsika kwambiri igunda pisitoni.

Bvuto lina ndi losiyana ndi limeneli. Mwagwetsa kamkono, koma gudumu lizungulirabe mopepuka, ndipo mumva mpweya uli kufwenthera ku paipi ya utsi. Apa valavu siitseka. Kapena kasikuluwu kaja kalowa kwambiri, kapena mwaye waunjikana pa valavu, kapena valavuyo yapsa. Injini yotere siingalire ngakhale mupukuse tsiku lonse, popeza mpweya sutentha. Cimodzi cimene ciononga valavu ndico cizolowezi cozimitsa injini pokweza kamkono. Zimitsani potseka mafuta.

Injini zazing'ono za petulo zokoka ndi cingwe, zimene ziyendetsa mapampu a kudimba, zilibe kamkono kooneka. M'malo mwace muli kacitsulo kokhala ndi sipulingi pa shafuti yoyendetsa mavalavu. Pokoka cingwe kacitsuloko katukula valavu pang'ono. Injini ikalira, liwiro likakankhira pambali ndipo valavu itseka bwino. Tsono kutukulako nkocepa kwambiri, kotero kuti mpata wa pa valavu ukakula cifukwa ca kudyeka, kacitsuloko sikafikanso. Cizindikiro cace ndi ici: cingwe ciuma pakati, cikutsomphola m'manja, ndipo ciduka kawirikawiri.

Kuti mutsimikize, zimitsani switchi, cotsani pulagi, ndipo mukoke cingwe. Ngati pa bowo patuluka petulo, oilo kapena madzi, silinda inadzala, ndipo ndico cinalimbitsa injini. Ngati ilimbabe pulagi palibe, cobvuta cili m'pampu kapena m'kati mwa injini. Koma ikapepuka popanda cotuluka, yesani mpata wa mavalavu.

Mpatawo uyesedwa injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba penipeni ndipo mavalavu onse awiri ali otseka. Coyesera ndi timasamba tacitsulo topyapyala timene amakanika acha fila geji. Pa injini zakale za Honda GX160 mpata wa valavu yolowetsa ndi mamilimita 0.15, ndipo wa yotulutsa utsi ndi 0.20. Injini zina zili ndi miyeso yaoyao; musayese ndi maso kapena ndi lezala. Mpata ukakhala bwino koma cingwe ciumabe, kapena sipulingi ija yaduka, kapena kiyi wa gudumu wameteka. Zimenezo zifuna makanika wodziwa, osati nyundo.

Alimi anzathu, musalimbane ndi injini youma poitana anyamata awiri kuti akoke pamodzi. Mudzadula cingwe, mwina ndi kuthyola mkono, pamene mbeu zili kufota kudimba. Yesani mavalavu nyengo yothirira isanayambe, sinthani oilo pa nthawi yace, ndipo sungani buku la injini pouma. Mukaona kuti nchitoyi yakukulirani, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti akulozereni mmisiri wokhulupirika.