Mano oikirira: saizi yake amaipeza bwanji?

Abale anzanga kuno ku London, ine ndine nesi osati dokotala wa mano, koma ku wodi mano oikirira timawaona tsiku ndi tsiku. Munthu wina akaseka simungadziwe n'komwe kuti ngoikirira. Wina ndiye eee, amachita kuonekeratu ngati wabwereka kwa neba. Nthawi zambiri vuto limakhala saizi ya mano akutsogolo am'mwamba.

Mano onse akatha mkamwa, dokotala sachita kulota ayi, amayeza nkhope. Njira yakale ndi yoyeza kuchokera pa fupa la tsaya ili kufika pa fupa la tsaya linalo, n'kugawa ndi 16. Nkhope ya mamilimita 136 ndiye kuti dzino lapakati likhale mamilimita 8.5 m'lifupi. Mwa anthu ambiri dzino limeneli limakhaladi pakati pa 8 ndi 9. Palinso nzeru ya James Leon Williams, dokotala wa ku America yemwe anagwirapo ntchito konkuno ku London. Cha m'ma 1914 iye ankati dzino lizifanana ndi nkhope ya mwini wake itazondoka, kaya yozungulira, yamakona kapena yosongoka kuchibwano.

Njira ina ndiyo ndikufuna muimvetse bwino. Amayeza kutambalala kwa mphuno, n'kunena kuti nsonga za mano awiri osongoka aja zikhale molunjika ndi m'mbali mwa mphunomo. Tsono miyezo iyi anaipeza poyeza azungu. Ife ambiri mphuno zathu ndi zotambalalako, ndiye dokotala akangotsata lamuloli mwachimbulimbuli mutuluka ndi mano odzaza mkamwa, milomo kukanika kukumana.

Ndiye kwa ine chida choposa zonse ndi chithunzi chanu chakale mukuseka, nkhope italunjika kutsogolo. Kaya ndi cha pa ukwati ku Zomba, uzani achibale akutumizireni pa WhatsApp. Dokotala amayeza mtunda wa pakati pa maso anu awiri pa chithunzipo ndi pa nkhope panu, n'kuwerengera mmene dzino lanu lenileni linalili. Ngati munali ndi kampata kaja pakati pa mano, komwe kwathu anthu amakakonda, nenani. Amatha kukaika, koma mukapanda kunena akatseka.

Musanalandire mano enieniwo, amayamba akuyesani ena omangidwa pa phula. Apa mpamene ife a Malawi timalakwitsa ndi ulemu wathu uja wongoti "zili bwino adokotala". Pemphani galasi, sekani, tchulani mawu ngati "fisi" ndi "sopo" mumve ngati akutuluka bwino, ndipo pitani ndi munthu amene amakudziwani kalekale. Pa phula kusintha n'kosavuta. Akawaumba ndi pulasitiki basi, kusintha saizi ndiye kuti kupanga ena. Ku NHS ya ku England mano oikirira ali mu Band 3, ndipo mu April 2025 mtengo wake unafika £326.70.