Chizungulire chochokera m'khutu

Munthu akamadzandira pamsika wa Nathenje m'mawa, ambiri amati walawirira kachasu. Komatu ena chimawagwetsa ndi khutu.

Matendawa, omwe dokotala wa ku France, Prosper Ménière, adawafotokoza mu 1861, amadza madzi akachuluka mkatikati mwa khutu. Khutu limalira, dziko limazungulira kwa mphindi 20 ngakhale maola angapo, wodwala mpaka kusanza.

Chosautsa n'choti zizindikiro zimasintha. Pakapita zaka chizungulire chimachepa, achibale n'kumati wachira, chikhalirecho khutu likunka ligontha ndipo mumdima akuyenda mwapendapenda.

Mankhwala ochiziratu kulibe, ngakhale kuchepetsa mchere m'ndiwo kumathandiza ena. Chizungulire chikayamba, wodwala asakwere njinga kapena kuyandikira chitsime. Achibale amuperekeze kuchipatala cha Nkhoma akamupime, poti malungo ndi kuchepa kwa magazi nazonso zimachititsa chizungulire.