CIPATA CA KU TLOKWENG NDI MTENGO WA MATIMATI

Abale athu amene akhala m'Gaborone audziwa bwino mseu wotuluka m'mzindawo kunka kum'mawa, wopyola mudzi wa Tlokweng ndi kufika pa cipata ca malire a Botswana ndi South Africa. Pa cipata cimeneco, ndi pa zinzace za ku Pioneer ndi ku Ramatlabama, ndipo pakhala polowera ndiwo za anthu a dziko lino zaka zambiri: malole odzala ndi matimati, anyezi, kabici ndi mbatata ya kacewere, ocokera ku msika waukuru wa ku City Deep m'Johannesburg ndi ku minda ya ku Limpopo. Pa 1 January 2022 Boma la Botswana linatseka njira ya ndiwozo, ndipo patapita zaka zitatu Boma lina linaitsegulanso. Tsono popeza ena a ife agwira nchito m'minda ya eni dziko, ena m'makhicini a mahotela, ndipo tonsefe tigula ndiwo ndi ndalama ya thukuta lathu, kuyenera kuti tiufotokoze mlandu umenewu kuyambira pa tsinde pace.

Munthu wobadwira ku Nceu kapena ku Dedza, kumene mkazi aliyense ali ndi dimba lace m'mbali mwa mtsinje, azizwa pomva kuti liripo dziko logula kabici kwa anansi. Koma wakuona Botswana ndi maso sazizwa ai. Gawo lalikuru la dzikoli ndi mcenga wa Kalahari. Mvula ya m'Gaborone ingofika pafupi mamilimita 500 pa caka, ndiyo yosakhulupirika. Mitsinje yambiri iyenda madzi masiku owerengeka, niuma. M'miyezi ya June ndi July cisanu cigwa usiku ndi kupsereza matimati onga atenthedwa ndi moto, ndipo pofika October dzuwa liotca maluwa asanagwire zipatso. M'caka ca 2015 dziwe lalikuru la Gaborone Dam linaphwa, anthu a mumzinda nadalira madzi odzera m'mipope yocokera kumpoto, mtunda woposa makilomita 300. Si cabe kuti eni dziko anacha ndalama yao dzina lakuti pula, ndiko kunena mvula.

Pamwamba pa izi panadza miyala ya dayamondi. Itapezeka ku Orapa m'caka ca 1967, caka cimodzi citapita dziko litalandira ufulu, cuma cinalowa, ndipo kunali kwapafupi kugula cakudya kwa mnansi wa minda yothirira koposa kulimbana ndi mcenga. Njira inali yotseguka kale, pakuti kuyambira 1910 Bechuanaland, Basutoland ndi Swaziland anali m'cipangano cimodzi ca msonkho wa pa malire ndi South Africa, cimene masiku ano cichedwa SACU. Katundu wa maiko amenewa ayenda pakati pao wopanda msonkho. Cipanganoco cinakonzedwanso m'caka ca 1969, ndiponso m'caka ca 2002, pamene anacilemba m'Gaborone mom'muno.

KALE WOTSEKA ANALI WINA

Tisaiwale kuti kutseka cipata sikunayambe ndi Atswana. M'caka ca 1924 Boma la South Africa, pomvera madandaulo a azungu ace oweta ng'ombe, linaika lamulo lakuti ng'ombe yocokera ku Bechuanaland isalowe ku misika ya ku Joni ngati siifika pa kulemera kwakuti. Lamulolo linaoneka ngati la sikelo cabe, koma anzeru analizindikira: ng'ombe za anthu akuda a kuno zinali zocepa thupi, ndipo zambiri zinabwezedwa. Mtengo wa ng'ombe unagwa, anthu nasowa ndalama ya msonkho, amuna ambiri nanka ku migodi, kumene anakomana ndi makolo athu a ku Nyasaland. Ena anaolotsa ng'ombe pa Limpopo usiku mobisa. Lamulolo linacotsedwa m'caka ca 1941, nkhondo itakulitsa njala ya nyama. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe; ndipo alimi a ku South Africa pamene anapfuula m'caka ca 2022 kuti Botswana waswa cipangano, analira maliro amene agogo a Atswana analira poyamba.

Ngakhale 2022 isanafike, Boma la kuno linali ndi cizolowezi cotseka njira ya mbeu imodzi kwa masabata pang'ono, pamene alimi a m'dziko anakolola zokwanira. Cacilendo ca 2022 cinali kukula kwace ndi kutalika kwace. Boma la Mtsogoleri Mokgweetsi Masisi linaletsa mitundu 16 pamodzi, kwa zaka ziwiri: matimati, anyezi, kabici, karoti, kacewere, adyo, tsabola, mabvwende, cimanga caciwisi ndi zina. Mu December 2023 linatalikitsa ciletsoco kufikira kutha kwa 2025, nilinena kuti kuyambira July 2024 mitundu yoletsedwa idzakhala 32.

Maganizo a Boma sanali opusa. Mlimi wa ku Botswana sangapikisane ndi munda wa ku Limpopo umene ukolola matimati caka conse, uli ndi nyumba zozizira, malole ace ndi ngongole yotsika ya ku banki. Munthu sakumba citsime ca makina, kugula mipope ndi kumanga mthunzi wa maukonde ngati sadziwa kuti adzagulitsa kuti. Cotero Boma linati: tikupatsani msika, inu limani. Ndipo ambiri analima ndithu. Minda ya ndiwo inacuruka, anyamata ena a sukulu osowa nchito analowa m'ulimi, ndipo abale athu ena anapeza maganyu m'menemo. Mu November 2023 Bwana Masisi anauza Nyumba ya Malamulo kuti ndalama zoturuka m'dziko kukagula ndiwo zinatsika ndi magawo 71 mwa 100.

Ciwerengero cimeneco ncokoma kumva, koma cinena mbali imodzi yokha. Mukatseka khomo, zolowa zicepa. Palibe cozizwitsa pamenepo. Funso lenileni ndilo lakuti ndiwo zimene zinaleka kulowa zinabwezeredwa ndi za m'dziko kodi, kapena anthu anangodya zocepa pa mtengo wokwera. Amene anali m'Gaborone miyezi imeneyo akumbukira mashelefu opanda kanthu m'masitolo, makamaka m'nyengo yacisanu, ndi kamulu ka matimati atatu ofota pa mtengo wa asanu abwino. Eni mahotela ndi nyumba zodyera anadandaula poyera. Ndipo monga zinacitikira ndi ng'ombe kale lija, nkhani zinamveka za anyezi ndi kacewere zogwidwa pa malire zitabisidwa pansi pa katundu wina.

ANADYA PHINDU NDANI?

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo tipempha awerengi adekhe nafe. Pakati pa mlimi ndi mphika wa mai wa ku Old Naledi paima anthu ena. Ndiwo zambiri za mumzinda zigulidwa m'masitolo akuru: Choppies, amene anayamba ndi sitolo imodzi ku Lobatse m'caka ca 1986, Sefalana, ndi ocokera ku South Africa onga Shoprite ndi Spar. Sitolo yaikuru siifuna dengu limodzi lero ndi lina mwezi wa mawa. Ifuna makasi akuti sabata iriyonse, matimati olingana kukula, osankhidwa, otsukidwa, ofika pa khomo m'mamawa. Ndipo kawirikawiri iripira patapita masabata. Angathe zimenezi ndi mlimi wamkuru, wonga a m'minda yothirira ya ku Tuli Block m'mbali mwa Limpopo, amene ali ndi madzi, magetsi ndi galimoto. Mlimi wa kamunda kamodzi ku Kweneng kapena ku Kgatleng akolola zonse pa nthawi imodzi ndi anansi ace onse, pakuti onse anabzala cisanu citatha. Alibe posungira, ndipo matimati sayembekeza munthu. Agulitsa pa mtengo umene wogula anena, kapena ataya.

Cotero m'dziko limodzi lomwelo munaoneka zinthu ziwiri zotsutsana: mwezi wina kabici kuola m'minda, mwezi wina kabici kusowa m'sitolo. Cipata cotseka sicicotsa bvuto limeneli, cingolikuza. Kale lole ya ku Joni inali ngati mwala wa pa sikelo, wobweza mtengo pamene wina afuna kuukweza. Lole itacoka, ogulitsa akuru anatsala owerengeka, ndipo kumene ogulitsa ali owerengeka sipafunika upo wa usiku kuti mtengo ukwere. Yense angoyang'ana mnzace. Dziko lino liri ndi bungwe loyang'anira mpikisano wa malonda, limene lamulo lace linalembedwa m'caka ca 2009, niliyamba nchito mu 2011, ndipo lamulo la 2018 linalionjezera udindo woteteza ogula. Bungwe lotere lingalange anthu opangana mitengo, koma silingalenge ogulitsa atsopano, kapena kumangira alimi ang'ono nyumba yozizira. Ife tiganiza kuti Boma linafulumira ndi cipata, nilicedwa ndi zinthu zocedwa kumangazo: madzi, mosungira, ndi malo amodzi kumene alimi ang'ono angaunjike zokolola zao ndi kulankhula ndi sitolo ndi pakamwa pamodzi. Ku Glen Valley, kumpoto kwa mzinda, kumene ndiwo zithiriridwa ndi madzi a mumzinda oyeretsedwanso, kuonetsa kuti nzeru ya madzi iripo. Koma malo amodzi sadyetsa mzinda wa anthu oposa 240,000.

Amene anasenza katundu wolemera ndiwo amai ogulitsa pa matebulo ku siteshoni ya mabasi ndi m'mbali mwa miseu, amene phindu lao likhala pa thebe zowerengeka za kamulu kalikonse, pamodzi ndi wanchito wa malipiro ocepa amene ndiwo zace za masiku onse ndi kabici. Pano tionjeze cenjezo kwa abale obwera catsopano: malamulo a dziko lino asungira eni dziko malonda ang'ono ambiri, ndipo kugulitsa ndiwo kuli m'gulu limenelo. Mlendo woyala thumba pa mseu monga acitira ku Lizulu adzaonana ndi apolisi.

Kumwamba nako sikunathandize. Nyengo ya 2023 kufikira 2024 inali ya cilala coopsa, cimene cinapsereza cimanga kwathu komwe ndi ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Mu February 2025 kunadza cigumula, madzi nasefukira m'Gaborone ndi m'Tlokweng, masukulu natsekedwa. Walira mvula walira matope.

Pa 30 October 2024 anthu anaponya voti, ndipo cipani cimene cinalamulira zaka 58 cinagwa. Sitinena kuti anacigwetsa ndi matimati, pakuti kusowa kwa nchito ndi kugwa kwa malonda a dayamondi zinali zazikuru koposa; koma kudula kwa cakudya kunali pakamwa pa anthu. Boma la Mtsogoleri Duma Boko linalengeza mu December 2024 kuti licotsa ciletso m'magawo awiri: poyamba mbeu zonga maungu, bowa, mabiringano ndi nsawawa, ndipo mu April 2025 zazikuru zija, matimati, anyezi, kabici ndi kacewere. Ogula anakondwa. Alimi anapfuula kuti anyengedwa, ndipo mlandu wao sunali wopanda pace, pakuti Boma loyamba linawalonjeza msika kufikira kutha kwa 2025, iwo nakongola ndalama pokhulupira mau amenewo.

Anansi a ku Namibia anasankha njira ina yoyenera kuiyang'ana. Kumeneko wamalonda wofuna cilolezo coitanitsa ndiwo kunja ayenera kuonetsa poyamba kuti wagula kwa alimi a m'dziko gawo loikika, pafupifupi theka la zonse. Ndipo gawolo silinaikidwe tsiku limodzi, linakwezedwa pang'ono pang'ono pa zaka zambiri monga minda inali kukula. Nao atseka cipata pa mbeu yakuti ikacuruka, koma alengeza mwezi ndi mwezi atawerenga za m'minda. Ubwino wace ngwakuti sitolo ikakamizidwa kufunafuna mlimi ndi kupangana naye asanabzale.

Kwathu nako mlandu womwewu unafika. Mu March 2025 Boma la Malawi linaletsa kulowa kwa katundu wina wa kunja, monga ufa, mpunga, mkaka ndi zipatso, pofuna kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza alimi. Mu April Tanzania anabwezera, natseka njira ya zokolola za ku Malawi, malole naima pa Songwe. Ndipo pa ciyambi ca May nduna za maiko awiriwo zinakomana ku Dodoma ndi kuthetsa mkanganowo. Kusiyana kwace nkwakuti Malawi atumiza zace ndi kulandira feteleza kudzera ku dooko la Dar es Salaam, cotero sakanapirira nthawi yaitali. Pamene Botswana anapirira zaka zitatu, South Africa nangodandaula osabwezera.

Mnyamata wa kwathu wogwira nchito m'munda wa ndiwo adziwa ciwerengero cimene a m'maofesi aiwala. Mbeu ya matimati ikhala pa nazale monga mwezi umodzi, ndipo ikaokedwa ifuna miyezi ina iwiri kapena itatu isanayambe kupsa; anyezi acedwa koposa apo. Cotero mlimi wa ku Kgatleng amene anafesa pa ciyambi ca December 2024, lamulo lakale liri cikhalire, anayamba kuthyola zipatso zace pafupi ndi April 2025, mwezi womwewo umene malole a ku City Deep analoledwa kupitanso pa Tlokweng.