Msewu wokwera ku Nyika

Paki ya Nyika ndi yaikulu kuposa malo ena onse osungirako nyama zakutchire m'Malawi muno. Inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo itakulitsidwa mu 1978 inaposa masikweya kilomita 3,000, kukhudza maboma a Rumphi, Chitipa ndi Karonga. Kukulitsako kunasamutsa midzi yambiri, makamaka ya Aphoka. Mbali yaikulu ya pakiyi ili pamwamba pa phiri lotambalala, mamita oposa 2,000 m'mwamba, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600.

Galimoto yochokera ku Mzuzu imatsata msewu wa M1 kulowera kumpoto, kenako n'kukhotera kumanzere kupita pa boma la Rumphi, kudutsa pampata wa Njakwa pamene mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri. Pa Rumphi m'pofunika kuthira mafuta odzaza thanki ndi kugula chakudya, chifukwa kutsogoloko zinthuzi n'zosadalirika. Kuchoka apo msewu umadzera ku Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, mpaka pachipata cha Thazima, mtunda wa makilomita pafupifupi 55. Pachipata alendo amalembetsa ndi kulipira, ndipo amayenera kufikapo dzuwa lisanalowe.

Pa Thazima m'pamene chitunda chimayambira. Mpaka ku Chelinda, kumene kuli malo ogona, patsala makilomita ena 60, koma kuwerengera makilomita pamsewu umenewu n'kudzinamiza. Ndi wafumbi, wokhotakhota, pena wamiyala, pena wokumbika ndi madzi, moti kuchoka pa Rumphi galimoto imatha maola atatu kapena anayi. M'dzinja dothi lake limaterera ngati therere, ndipo galimoto yaing'ono yam'tauni imatitimira. Yoyenera ndi yotalika kunsi, yokoka ndi matayala onse anayi, yokhala ndi sipeya, jeke ndi khasu. Potsetsereka dalaivala wodziwa amatsika ndi giya yolemera m'malo mopondereza mabuleki, poti akatentha sagwira.

Pamene msewu ukukwera, mitengo ya msuku ndi mombo imachepa mpaka kutheratu. Kenako maso amangoona zitunda za udzu waufupi zotsatizanatsatizana, ndi timagulu ta mitengo yobiriwira m'makwawa. Chigawo china cha msewuwu chimatsata malire a Malawi ndi Zambia, pakuti nalonso dziko la Zambia lili ndi paki yakeyake ya Nyika, ngakhale ndi yaing'ono kwambiri. Pamphambano ina, msewu wopitirira umatulukira pachipata cha Kaperekezi kulowera ku Nthalire ndi Chitipa, pomwe wakumanja umapita ku Chelinda.

Kumtundaku liwiro lilibe phindu. Poti tchire ndi loyera, nyama zimaonekera patali: mbidzi, ntchefu, mphoyo, njiri ndiponso chilembwe, yemwe m'malo ena ndi wosowa koma kuno amayenda m'magulu. Akambuku ndi afisi aliko, ndipo amaoneka kawirikawiri madzulo. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Mu Januwale ndi Febuluwale, msewu utaipiratu, m'pamene maluwa a orchid amachita bwino; Nyika ili ndi mitundu yake yoposa 200. Ena mwa maluwawa ndi amene amabereka chinaka, n'chifukwa chake akuchepa, poti anthu amakumba mozemba n'kukagulitsa.

Chelinda imadziwikira patali ndi nkhalango ya paini yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, dziko lisanalandire ufulu. Pafupi pali madamu atatu mmene anaikamo nsomba za trout. Kuchokera pamenepa timisewu tating'ono timapita ku Kaulime, kanyanja kachilengedwe komwe makolo a m'derali ankakalemekeza ngati malo a mizimu, ku mathithi a Chisanga pamtsinje wa North Rukuru, ndi ku thanthwe la Fingira, kumene kunapezeka zida zamiyala za anthu akale. Timisewuti n'tosokoneza chifunga chikagwa, choncho ndi bwino kutenga wolondolera alendo.

Mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu cholimbitsa mame pa udzu, ndipo wobwera ndi malaya a ku Nsanje amagona m'mbali mwa moto. Msewu umayendeka bwino kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Kuyambira mu 2023, boma la Malawi likuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pa mgwirizano wa zaka 20, womwe ukukhudzanso dambo la Vwaza.