Asanapereke Ndalama za Galimoto Ija, Funsani za Giyabokosi

Amayi anzanga, ngati bambo a kunyumba ayamba kutchulatchula za galimoto madzulo alionse, dziwani kuti nkhaniyo ndi yanunso. Ndalama zimene akufuna kutulutsa ndi zomwe zija munasonkha pamodzi kuchokera ku tiyi, ku nanazi ndi ku banki m'khonde, ndipo galimotoyo ikadzafa, choyamba kuchepa ndi ndiwo za m'mbale mwanu.

Kuno ku Mulanje mitima ya ambiri imathamangira galimoto zocheperapo koma zotukuka pansi, monga Nissan X-Trail ndi mng'ono wake Dualis, zimene zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Chifukwa chake nchomveka. Phula alipo kuchokera ku Limbe mpaka ku Muloza, koma mukangopatuka kulowa kumidzi nthawi ya dzinja, matope ofiira amakulonjerani. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ndi misewu ndi milatho mu Malichi 2023 sachita kuuzidwa ubwino wa galimoto yosakhula mimba pansi, makamaka wodwala akafuna chipatala usiku.

Koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zambiri mwa galimotozi, kuyambira za chaka cha 2007, zili ndi giyabokosi yotchedwa CVT. M'malo mwa magiya a mano amene amakaniko athu anazolowera, m'katimo muli lamba wachitsulo woyenda pa timawilo tiwiri. Ikakhala bwino imayenda myaa, mafuta nkumwa pang'ono. Mdani wake ndi kutentha. Katundu wolemera, chitunda chachitali ndi kuvimvinizika m'matope zimatenthetsa oyilo wake, lamba amayamba kuterereka, galimoto nkumanjenjemera kapena kulira ngati mluzu, kenaka nkutha mphamvu. Madandaulo atachuluka ku America, kampani ya Nissan inatalikitsa chitsimikizo cha giyabokosi zotere, pa galimoto za 2003 mpaka 2010, kufika zaka 10 kapena mailosi 120,000. Chitsimikizo chimenecho sichinali cha kuno, ndipo nthawi yake inatha kale. Ikakuferani pa Nkando, mlandu ndi wa thumba lanu.

Si kuti iliyonse ndi yovunda ayi. Zilipo zimene zatumikira mabanja zaka zambiri, chifukwa eni ake amathira oyilo wake weniweni, wotchedwa NS-2, osati aliyense wopezeka pamsika, ndipo sazisandutsa lole yonyamula matumba a chimanga. Chovuta nchakuti wogulitsa sanena za nthenda ya mbuzi yake.

Choncho musalole kuti galimoto iyesedwe pongozungulira pa Chitakale injini ili yozizira, poti nthenda imeneyi imabisala mpaka chitsulo chitatentha. Atenge makaniko wanu, osati mnzake wa wogulitsa, akwere anthu anayi, ndipo aiyendetse kupitirira Luchenza kukakwera zitunda za ku Thyolo. Inunso mukwere nawo. Khutu la mayi limene limamva mwana akutsokomola kuchipinda silingaphonye kulira kwachilendo. Makanikoyo aone oyilo wa giyabokosi: akakhala wakuda, wonunkha chopserera, bwererani kwanu ndi ndalama zanu. Muonenso kuti dzina la m'bulubuku ndi la amene akugulitsayo.

Galimoto ikapambana mayeso onsewa, latsala funso limene abambo sakonda kulimva. Giyabokosi yotere ikafa, kawirikawiri amangogula ina yakale nkuikamo, ndipo zitsulo zonse zochokera kunja zinakwera mtengo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bambo apite ku Limbe akafunse mtengo wake lero, asanagule. Mtengowo muuphatikize pa mtengo wa galimoto, pamodzi ndi inshuwalansi ndi matayala, osakhudza fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza. Zikakwana, gulani ndi mtima woyera. Zikapanda kukwana, auzeni mwaulemu kuti ayambe afunafuna ya giya ya pamanja, imene makaniko wa pa boma angaitsegule ndi kuikonza.